Nandolo wa Mayi Martina Maziko

Malemu Mayi Martina Maziko anabadwa pa 14 Juni 1956 ku Nselema m'boma la Machinga. Anali oyamba m'banja la ana awiri, wachiwiri ndi mlongo wawo, a Walter. Sukulu anayambira kwawo konko, sekondale anakamaliza ku Balaka, ndipo mu 1978 anayamba uphunzitsi. Mu 1981 anamanga ukwati woyera ndi malemu Bambo Ambrose Maziko.

Mu 2011 anapuma pantchito n'kulandira ndalama zawo zopumira. A Walter, amene panthawiyo ankagula mbewu pa Ulongwe, anawapempha kuti aike ndalamazo m'bizinesi yawo. Bizinesiyo inali yopita kwa alimi mu Febuluwale, njala itafika pakhosi, n'kuwagula nandolo akadali m'munda pamtengo wolira. Malemu anakana. Anati ndalama yawo singapite kukagwira ntchito imene eni ake angachite nayo manyazi pamaso pa ana amene anawaphunzitsa.

M'malo mwake, mu 2012 anamanga nyumba yosungiramo mbewu. Mlimi ankasiya nandolo wake mmenemo mpaka mitengo itakwera, iwo n'kutapako pang'ono chabe. Phindu linkabwera mwakachetechete, koma njinga za alimi zinayamba kudutsa pasikelo ya a Walter osaima n'komwe. A Walter ankakhala pakhonde n'kumaziyang'ana, mtima ukuwawa. Ndalama anali nazo zambiri kuposa mlongo wawo, koma moni wochokera pansi pa mtima ankapita kwa malemu. Nsanje inawadya.

Mu 2016, Bambo Maziko atamwalira, kunabuka mphekesera yoti malemu anakhwimira bizinesi, ndipo ndi iwo anapha amuna awo. Ambiri muli pano munaimva, ena munaipititsa patsogolo. Alimi ena anachotsa matumba awo, ndipo kutchalitchi benchi imene malemu ankakhala inayamba kukhala ndi malo. Mwana wa a Walter atadwala, ndi malemu amene anakamugonera kuchipatala.

Mu 2022 anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi. Atisiya Lachiwiri, pa 9 Julayi 2024, kuchipatala ku Balaka, ali ndi zaka 68.

Asiya ana atatu, Dave, Mtendere ndi Tikondane, zidzukulu zisanu, komanso mlongo mmodzi. Banja likuthokoza a mpingo, madokotala, adzukulu okumba manda, ndi alimi a ku Ulongwe amene abwera ndi matumba a ufa osapemphedwa.

Anawa anandipatsa pepala ili kuti ndiwerenge, koma mawu otsalawa sanalembe ndi iwo. A Walter amene ndakhala ndikuwatchulawo ndine. Mphekesera ija ndinaiyambitsa ndine, pakhonde panga, chifukwa cha nsanje basi. Mlongo wanga sanakhwime, ndipo sanaphe munthu. Ndinachedwa kuwauza ali moyo, choncho ndikuuza inu bokosi lisanatsike, kuti alowe m'manda ndi dzina lawo loyera.

Achemwali, mzimu wanu uuse mumtendere.