Mbuzi Yopanda Chiwindi

A Willard sakhulupirira kuti pansi pano pali khomo limene lingakane kutseguka munthu utafika ndi kanthu m'manja. Choncho mkazi wawo Martha atatha miyezi akudikira kuikidwa chiwindi china pachipatala ku Birmingham, maso ali chikasu, bamboyo anakagula mbuzi yosendasenda ku Foleshill n'kukaimika galimoto pakhomo pa mlamu wawo Zelipa ku Oldbury. Zelipa, mng'ono wake wa Martha, ndi nesi pachipatala chomwecho, ndipo ndi munthu woti ukamufunsa kuti wadzuka bwanji amakuuzadi.

"Alamu, tabwerani muone," anatero a Willard akutsegula buti.

Zelipa anasuzumira. "Ndi mbuzi."

"Ya adokotala."

"Adokotala ake ati?"

"Aakulu aja. Ogawa ziwindi."

"Kulibe dokotala wogawa ziwindi. Chikapezeka, kompyuta ndi imene imayang'ana odwala a dziko lonse n'kusankha woyenera."

"Chabwino. Kompyutayo amayatsa ndani m'mawa?"

"Sazimitsa."

"Aaa, alamu, musandiyankhe ngati ndabwera dzulo. Kulibe ofesi yopanda mwini wake. Inu mungondilozera chitseko, zolankhula ndikalankhula ndekha. Jeketeyi ndavalira zomwezo."

"Ine ndimagwira ku wodi ya mafupa."

"Mafupa ndi chiwindi si thupi limodzi?"

"Limodzi. Koma ma floor ndi osiyana."

A Willard anapumira m'mwamba n'kuyang'ana mitambo, ngati kuti kumwambako kungapezeke mlamu wina womva zinthu.

"Ndiye ndiuzeni pamene mzere wa odikira ziwindi umayambira. Ndikaikapo mwala, ngati mmene tinkachitira pogula feteleza. Akamatsegula apeza Martha ali woyamba."

"Si mzere woima anthu. Ndipo wofika msanga si amene amayamba. Amaona mtundu wa magazi, kukula kwa thupi, ndi amene chiwindicho chingamuthandize kwambiri."

"Ndiye umenewo si mzere, ndi chipwirikiti! Basi, Lachitatu ku kiliniki tikamunyamula anthu anayi. Azikabuula kuyambira pa car park. Amayi anga ku Kasungu sanaimepo pamzere wa chipatala, ankangoti mayo ine, anesi n'kuthamanga okha."

"Kuno amayeza magazi."

"Azikabuula pomuyezapo."

"Magazi sabuula, alamu."

"Nanga Ryan?" A Willard anamenya denga la galimoto. "Mzungu uja tinkakhala naye pa benchi. Anandiuza ndi pakamwa pake kuti chiwindi chake anachimaliza ndi mowa. Mwezi watha amupatsa china! Martha, tcheya wa Mvano, munthu woti ngakhale Fanta amathira madzi, akudikirabe. Chilungamo chimenecho? N'chifukwa cha viza, eti? Ndikasuma ine. Kuno kuli ma human rights."

"Ryan anasiya mowa kalekale, ndipo ankamuyeza. Magazi akenso ndi osiyana ndi a achemwali, chiwindi chija sichikanawathandiza. Viza sinalowepo. Achemwali ali pa waiting list ngati wina aliyense."

"Za Mvano munawauza?"

"Safunsa."

"Za ubatizo?"

"Safunsa."

"Iii! Ndiye chiwindi cha munthu amangopatsa aliyense, ngakhale wosapemphera?"

"Eya. Wodwala ndi wodwala."

Kunena zoona, phokoso lonseli linali mantha. Ku Walsall kumene a Willard amagwira ntchito yosamalira okalamba, anaona anthu ambiri akutha pang'onopang'ono, ndipo ankadziwa mmene nkhope imasinthira zinthu zikayamba kuipa. Nkhope ya Martha inali itayamba kusintha choncho. Mbuziyo ndi chokhacho chimene bamboyo anatha kuganiza.

Zelipa anali atawerama mu buti, akuyang'ana m'mimba mwa mbuzi muja ngati ali pa shifiti.

"Mbuziyi ilibe chiwindi."

"Ndachotsa. Chili mu fuliji kunyumba."

"Chifukwa?"

"Hii, mwaiwala mwambo? Chiwindi n'cha mwini nyumba. Chikwatiranireni Martha sanandimanepo. Ngakhale cha nkhuku amandiikira pakambale kapadera."

"Iwo amadya chiyani?"

"Amati amakonda zipalapasiro."

Zelipa anaweramuka n'kupukuta manja. "Njira yosadikira ilipo imodzi. Ndipo lamulo limalola."

"Mwaonatu! Ndimadziwa ine!" A Willard anaomba m'manja. "Ndi ndani? Amadya mbuzi?"

"Munthu wamoyo akhoza kupereka mbali ya chiwindi chake. Amadulako, chotsalacho chimakulanso. Ine ndinakayezetsa, magazi anga sanagwirizane ndi a achemwali."

"Pepani, alamu. Ndiye tifufuze. Laison uja woimba kiyibodi ku tchalitchi, thupi lonse lija amachita nalo chiyani? Tikamupatsa kangachepe..."

"Kulipira ndi mlandu. Woperekayo amapereka mwa kufuna kwake, ndipo amamufunsa payekha ngati wina wamukakamiza. Inu magazi anu ndi O. Mumanena pa Khirisimasi iliyonse kuti a O amapatsa aliyense."

A Willard anatseka buti pang'onopang'ono, ngati muli mwana wagona.

"Amadula ndi chiyani?"

"Mpeni."

"Munthu ali maso?"

"Amakugonetsani. Chilonda chimayambira apa," Zelipa analoza pachifuwa pa jekete, chala n'kutsetsereka mpaka m'nthiti, "kudzafika apa. Ndi opaleshoni yaikulu, ngozi zake zilipo. Mowanso muyambe mwasiya."

Bamboyo anamanga mabatani onse a jekete, ndi lija silimangidwa lomwe.

"Alamu, ine ndaganiza bwino. Dziko lino lili ndi malamulo ake. Kudumpha mzere si khalidwe. Pali anzathu anayamba kudikira kale, nawonso ndi ana a anthu. Kompyuta ija ikugwira ntchito yabwino, tisaisokoneze."

"Simudumpha aliyense. Achemwali akachoka pa list, wina amasendera kutsogolo."

"Komabe ine ndine mlendo m'dziko muno."

"Pa nkhaniyi viza yanu ilibe vuto."

"Ndili ndi ma shifiti."

"Mukhoza kupempha tchuthi."

"Inu chilichonse muli ndi yankho?" A Willard anapukuta thukuta, ngakhale kunja kunkawomba kamphepo kozizira. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Martha akuzidziwa zimenezi?"

"Anazidziwa kale. Anandiletsa kukuuzani. Anati, 'Bambo a Melissa amakomoka akangoona jakisoni. Asiyeni, ndidikira.'"

Mawu amenewo anawalasa a Willard. Anakumbukira kambale kapadera kaja, zaka zonsezi, ndi Martha akukukuta zipalapasiro kumapeto kwa tebulo uku akuseka. Anachita manyazi, kenako anafunsa:

"Kuyezetsako amayamba liti?"

"Mukhoza kuimba foni Lolemba. Koma mwina sakulolani, zimatengera zimene apeze."

"Andilola. Chiwindi changa chadya ziwindi zambiri, n'champhamvu." Anatsegulanso buti. "Gwirani miyendo yakumbuyo, tikaike mu fuliji mwanu. Tsiku lokaonana ndi adokotala tidzapita nayo."

"Alamu, ndakuuzani kale. Mbuzi sisuntha mzere."

"Ndani akunena za mzere? Mukufuna munthu adzandidule pamimba ali ndi njala? Ayambe wadya, dzanja lisanjenjemere!"