Usipa wa Tadala

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Yesu. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Amene simundidziwa, ine ndine amake Tadala, uja amakulandirani pakhomo Lamulungu lililonse. Sindinabwere ndi umboni wa galimoto kapena wa ukwati ayi. Wangawu ndi waung'ono, komanso sunathe. Mungondipirira.

Abale ndi alongo, ine ndinali ndi nyumba. Ya lendi, ku Mulhuddart kuno ku Dublin, zipinda ziwiri. Ndinakhalamo six years. Ntchito ndimagwira ku Dún Laoghaire, yosamalira okalamba. Chipinda chachiwiricho ndinkasungira mwana wanga Tadala. Ndinamusiya ku Ntcheu kwa mchemwali wanga ali ndi zaka zinayi. Lero ali ndi fifteen. Chaka chino mapepala ake oti abwere kuno anatuluka. Ndinagula bedi. Ndinagula matiresi, desiki yowerengera, jekete yochindikala. Ndinamuuza pafoni kuti, "September ukubwera."

Kenaka landilodi anandipatsa notisi. Akugulitsa nyumba, kumapeto kwa August ndituluke. Nthawi anandipatsa yokwanira, ndisamunamizire. Koma ine ndinati, Dublin yonseyi ndingasowe nyumba? Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinayamba kufunafuna mu July.

Inu amene mwakhalitsa kuno mukuidziwa August. Ndi mwezi umene aliyense amasamuka. Ana a ku yunivesite akufika ndi masutikesi, mabanja akuthamangira kukhazikika sukulu isanatsegulidwe. Ukapita ku viewing, kukaona nyumba, umapeza mzere wakhota pakona ngati wa feteleza wa makuponi. Aliyense fayilo kukhwapa. Ndikangotchula kuti ndili ndi mwana akubwera, eni nyumba ankamwetulira n'kunena kuti andiimbira. Mpaka lero akuimbabe.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilangiza za storage, tija tizipinda tachitsulo tochita lendi, umaikamo katundu n'kukhoma ndi loko wako. Pulani inali yabwino. Katundu akhale m'menemo two weeks, ine ndipeze nyumba mosapupuluma. Nayo storage ndinachita kulimbirana, kanatsala kamodzi kokha, kakumapeto.

Two weeks inasanduka mwezi. Mwezi unasanduka miyezi iwiri. Ndinapempha mashifiti a usiku kuti ndisamafune pogona. Masana ndinkasinza m'basi. Basi ikanditopetsa ndinkapita ku storage, kutsegula, kukhala pa katoni ya mbale. Kugona m'menemo salola. Ndinkangokhala, kuyang'ana katundu wanga.

Lamulungu ndinkavalira momwemo. Kudzola mafuta, kumanga duku, kubwera pano kudzakumwetulirani pakhomo. Munkandifunsa, "Muli bwanji amake Tadala?" Ine, "Ndili bwino, kaya inu?" Ndili bwino. Sabata ndi sabata, ndili bwino. Ndinali ndi manyazi, abale. Munthu wa eleven years kunja, wosowa pogona? Kumudzi akanamva akanati chiyani?

Tadala anayamba kundivutitsa pa video call. "Amayi, ndionetseni chipinda changa." Tsiku loyamba ndinati netiweki ikuvuta. Lachiwiri ndinati ndili kuntchito. Lachitatu mabodza anandithera. Ndiye tamverani zimene ndinachita. Ndinatulutsa makatoni onse n'kuwaika m'khonde. Ndinagoneka matiresi pansi, ndinayala bwinobwino. Ndinatenga zitenje ziwiri, ndinaphimba makoma achitsulo aja. Ndinaika desiki pakona. Kenaka ndinaimba.

"Ndi chokongola, amayi," anatero mwana wanga. "Koma windo lili kuti?"

Ndinati lili mbali inayo.

Foni itaduka ndinakhala pansi pasimenti. Sindinapemphere, ndisakunamizeni pamaso pa abusa. Ndinangomuuza Mulungu kuti, "Mwandibwezera mwana papepala pokha." Mtima wanga unali utatheratu. Ndinaganiza zomuimbiranso Tadala, ndimuuze kuti aiwale za kuno.

Tsono m'katoni ina munali usipa. Mchemwali wanga anautumiza ndi munthu amene anabwera mu June. Sindinaukhudze. Ndinkausungira Tadala, kuti sabata yoyamba asadzalire ndi zakudya za kuno. Pa fomu ya storage analembapo kuti zakudya saloleza, ndipo ine ndinasaina ndi dzanja langali. Koma m'mutu mwanga usipa wouma sunali m'gulu limenelo. Kwathu umakhala miyezi osavuta munthu. Ndinaiwala kuti nyumba yachitsulo ikatenthedwa, usipa umalalikira. Tsiku limenelo, potulutsa makatoni aja, ndinafalitsa fungo lake khonde lonse.

Ndinamva kugogoda. Bambo wina wa yunifolomu, wogwira ntchito pamenepo. Ndinati basi, andithamangitsanso ndi kuno komwe.

"Amai, ni imwe muli na kapenta?"

Ndinawafunsa kuti ndi ndani, poti usipa ankautchula kuti kapenta.

"Ndine Tembo, wa ku Chipata. Anthu adandaula ku ofesi, ati kwafa khoswe. Ine nati iyayi, iyi fungo niiziba."

Anayang'ana zitenje zija. Anayang'ana matiresi oyala, nsapato zanga za kutchalitchi pambali. Sanandifunse kuti muli bwanji. Anandifunsa kuti, "Mugona kuti?"

Abale ndi alongo, funso limenelo ndinalibe yankho lake lokonzeratu. Ndinalira. Mzimayi wamkulu ngati ine, ndinalira pamaso pa munthu wosamudziwa.

A Tembo anati usipa uchoke tsiku lomwelo, lamulo ndi lamulo. Anaimbira akazi awo. Mayiwo anati, "Bweretsani usipawo, mubwerenso ndi mwini wake." Tinaudya tsiku lomwelo, usipa wa Tadala. Anandichotsera masutikesi m'kachipinda kawo kakang'ono, anandipatsa. Ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Koma kali ndi windo.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza chifukwa ndimagona chotambasula miyendo. Ndabwerera ku mashifiti a masana. Ine ndinabisala kwa mpingo wonse, Iye anandipeza ndi fungo la usipa. Aleluya.

Koma ndinanena kuti umboni wanga sunathe. Ino ndi November, Tadala sanabwere. Kachipindako sikakwana anthu awiri, ndipo landilodi wa a Tembo anakana kuti awonjezerenso wina. Ma viewing ndikupitabe. Mizere yachepa, koma mayankho ndi omwe aja. Sindikudziwa kuti abwera liti. Sindikudziwa.

Ndinamuimbira mwana wanga, ndinamuuza zoona zake zonse. Kenaka anati, "Ndinadziwa, amayi. Mawu anu ankamveka ngati muli m'thanki." Ndinati pepa mwanawe. Iye anati, "Musadandaule. Ndidikira. Ndinazolowera."

Ndinazolowera. Mwana wa fifteen years kuuza mayi ake kuti kudikira anazolowera. Mawu amenewo amandiwawa kuposa simenti ya ku storage.

Bedi lake likadali konko, chiimire, pulasitiki wa matiresi sindinachotse. Kiyi ndi uyu, ndimayenda naye m'Baibulo. Mundipempherere, abale. Koma ngati wina wamva za nyumba ya zipinda ziwiri, kulikonse kumene basi imafika, tikaweruka mundipeza pakhomo pomwe paja. Ndipo mukandifunsa kuti muli bwanji, musadutse. Muime kaye. Lero ndiyankha.

Mulungu akudalitseni. Amen.