Maliro a Che Likwanya

Anthu akunong'onezana kuti Che Likwanya, ayufi aja ankakwapula anthu opanda khadi yachipani ine ndisanabadwe, amwalira, ndipo kumudzi akukana kukalira. Dzulo pasiteji ya ku Machinga ndinamva amayi awiri osadziwana akukambirana zomwezi.

"Ine sindipondako," anatero achikulirewo. "Anandibweza panjira ya kuchipatala, mwana wodwala ali kumsana."

"Pepani, mayi," anayankha enawo. "Ndi bambo anga. Mumtolomu muli sanda yawo."

"Nanunso ankakumenyani?"

"Iyayi. Ankandibereka pondiwolotsa mtsinje popita kusukulu."

"Nanga kusiwa muli ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

"Bweretsa mtolowo, mwanangu, tikwere minibasi. Koma ndikupitira iweyo, osati iwowo."

Inuyo mukanakwera nawo minibasiyo?