Wokoka Chingwe wa Gulu Lachiwiri

Pa siteji ya basi m'tauni ya Krosno, mayi wina waimvi anaona kabaji ka mbalame zoyera pajekete la bambo wachikulire.

"Bambo, kabajiko! Munali m'gulu la achinyamata ouluka pa ndege zopanda injini?"

"Gulu lachiwiri, mayi. Kubwalo la ndege kuja anamangako sitolo ya matayala."

"Ine lachitatu! Tsiku limene ndinauluka ndekha koyamba, nditangotera, anzanga anandiweramitsa paphiko n'kundiwomba m'matako mmodzimmodzi, mwambo wathu uja. Masiku atatu ndinkadya choimirira. Inu anakuwombani angati?"

"Palibe."

"Anakumverani chisoni?"

"Zaka ziwiri ndinkangokoka chingwe chonyamutsira ndege, anzanga n'kumauluka. Litafika tsiku langa, bambo anga anati ndikakumbe kaye mbatatesi kumudzi, kumwamba sikuthawa. Pochokera kumudziko ndinapeza gulu alithetsa, ndege azigulitsa."

"Nanga kabajiko?"

"N'ka malemu mnzanga. Mkazi wake anandipatsa, ankayesa nanenso ndinaulukapo."

"Basi ikadali kutali. Tawerameni, ndikuwombeni kamodzi."

"Ayi, mayi. Amawomba munthu amene watera. Ine sindinanyamuke n'komwe."