Mayi Luan Peiqin ndi Filimu Imene Anakana Kusintha

Malemu Mayi Luan Peiqin, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 9 Malichi 1948 ku Kaifeng, m'banja la ana asanu. Bambo awo ankasoka zovala za anthu ochita zisudzo.

Sukulu anayamba mu 1955. Sukulu zitatsekedwa mu 1966, anawatumiza kukalima kumudzi kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Pa 2 Okutobala 1974 anamanga banja ndi Bambo Gong Weimin, mphunzitsi wa mbiri yakale. Mu 1978, ali ndi mwana wakhanda, anakaphunzira za mafilimu ku Beijing.

Ntchito anayamba kuno ku Xi'an mu 1982, ndipo anatsogolera mafilimu asanu ndi anayi a nthawi ya mafumu. Inu amene munagwira nawo ntchito mukudziwa kuti sankalola kujambula kuyambe wosewera asanayankhe funso lawo lija: "Iwe, mfumu yakoyi imaopa chiyani?" Wosewera wina wotchuka anamusesetsa khola la mahatchi masabata atatu asanamuveke zankhondo. Atadandaula, anamuyankha kuti, "Mwanawe, sukununkha n'komwe hatchi, angakukhulupirire ndani?"

Mu 1993 anajambula filimu ya mkulu wa asilikali amene anatsegulira adani chipata cha mzinda kuti anthu asathe ndi njala. Eni kampani yopanga mafilimuyo anafuna kuti munthuyo aoneke ngati mpandu basi. Malemu anakana. Anati munthuyo anapulumutsa anthu, komanso sanadzikhululukire mpaka imfa, ndipo zonse ziwiri ziyenera kuoneka. Ntchito inawathera pomwepo. Filimuyo inatsekeredwa zaka khumi ndi chimodzi, iwo akuphunzitsa zisudzo ana a pulayimale, ndipo kunyumba sitinawamvepo akudandaula. Tsiku limene inaonetsedwa mu 2004, anakhala mpando wakumbuyo, nalira mwakachetechete, chifukwa wosewera wamkulu anali atamwalira osaionako.

Mu Novembala 2022 anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Atisiya pa 14 Epulo 2024, ali ndi zaka 76.

Asiya amuna awo, ana awiri, Gong Lan ndi Gong Yifei, komanso zidzukulu zitatu. M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, aneba, ndi inu osewera amene munkasinthana kudzawawerengera mabuku maso awo atafooka.

Mayi athu, ntchito mwaimaliza. Usani mumtendere.