Mayi Tionamawa ndi Njinga Yosayenda

Akuluakulu oyang'anira chipatala chino, mkulu wa nthambi ya kafukufuku, madokotala, anamwino, anzanga a mu labotale, bambo akunyumba ndi ana, ndi inu zidzukulu amene mwayamba kale kuzungulira tebulo la zakumwa, landirani moni wanga. Musadzuke. Kuimirira popanda chifukwa kunaletsedwa kalekale m'nyumba muno, ndipo amene analetsayo sanachoke, ali pomwepa.

Ine ndine wa mu labotale. Ntchito yanga ndi kulandira magazi, kuwapatula, n'kuwasunga mufiriji. Andisankha kuti ndiyankhule chifukwa ndine ndakhalitsa ndi mayi amene akupuma pa ntchito lerowa, komanso chifukwa sindinalipo tsiku losankhalo.

Ana inu mumati amayi. Akuluakulu amati adokotala. Ife kuno timati Mayi Tionamawa, ndipo eniake akudziwa, amavomera. Ukawauza kuti zotsatira zatuluka bwino, amati tiona mawa. Ukapempha tchuthi, tiona mawa. Tsiku lina ndinawauza kuti chimfine chandisiya, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena zomwezo. Panja paja ndafunsa bambo ngati kunyumba zilinso choncho. Akuti iwo anakonzapo denga, n'kulengeza kuti lasiya kudontha. Yankho mukulidziwa. Mawa lake linadontha.

Koma sanabadwe choncho. Pofika kuno anali dokotala wachitsikana, waliwiro, yankho lili pamlomo wodwala asanamalize kukhala pansi. Nthawi imeneyo kunkabwera anthu amene anadwalapo matenda a kachilombo, kaya chimfine chachikulu kaya china, matendawo n'kutha, koma mphamvu osabwerera. Miyezi n'kumapita. Munthu kungosamba basi, watheratu. Tikayeza magazi, zonse zili bwinobwino. Ndiye mayiwa anaitanitsa njinga, kuti tione mtima ndi mapapo zikugwira ntchito. Njinga yake ndi ija ili mukhonde, yopalasa pamalo amodzi, imene mumakolekapo majekete.

Woyamba kuikwera anali mphunzitsi wa pulayimale, mayi wa ana awiri. Anabwera ndi amuna awo, makaniki. Aphunzitsiwo anapalasa, ndipo anapalasa bwino, chifukwa ndi munthu woti ukamupatsa ntchito safuna kukuchititsa manyazi. Adokotala anamvetsera mtima, anayang'ana manambala, n'kutembenukira kwa amuna aja.

"Bambo, akazi anuwa alibe vuto. Azilimbikira kuyenda, zitha."

Bambo aja anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale. Ife sitinadziwe kuti kunyumba azichemwali awo anali atayamba kunena kuti mlamu ndi waulesi, ndipo panali mawu oti abwezedwe kwa makolo ake. Chinkasowa ndi dokotala woti avomereze. Tinamupereka ife.

Mwamwayi aphunzitsi aja anaiwala magalasi awo patebulo. Mawa lake masana adokotala anati tikawasiyire, ndipo ananditenga chifukwa ndine ndinkadziwa njira. Tinapeza makatani otseka, wailesi yozimitsa, ana atathamangitsidwira panja. Munthu amene dzulo lake ankapalasa njinga anali gone pabedi. Kapu ya madzi inali pampando pafupi ndi mutu wawo, koma ankalephera kuinyamula. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. Pakhomo la kuchipinda panali chikwama cholongedza kale.

Amuna aja anati, "Adokotala, mwadzionera nokha. Kwanu amapalasa njinga, kuno kapu ikuwalemera. Munanena inu kuti alibe vuto. Loweruka ndikawatula kwawo."

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Adokotala anakhala pabedipo, ananyamula kapu ija n'kuwamwetsa aphunzitsi mpaka madzi anatha. Atatero anati, "Bambo, ndinayeza tsiku lolakwika. Matendawa ndi awa mukuwaonawa. Yawagwetsa ndi njinga ija, ndipo anawakweza ndine. Masulani chikwamacho."

"Ndiye akudwala chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Mudziwa liti?"

"Tiona mawa."

Dzina linayambira pamenepo. Mawa limenelo latitengera zaka makumi atatu, ndipo tsitsi langa linathera momwemo.

Kuchokera tsiku limenelo kagwiridwe kathu ka ntchito kanasintha, ndipo palibe amene anatifunsa maganizo. Njinga inatulutsidwa. Wodwala akabwera lero, timatenga magazi lero, mawa lake ndife tikumutsatira kunyumba kukatenga ena, chifukwa matendawa saoneka pa tsiku limene munthu wadzikakamiza. Amadikira. Amabwera kukacha, dokotala atapita. Mukhonde monse anaikamo mipando, mpaka woyang'anira nyumba anadandaula kuti khonde lasanduka basi. Wailesi ya m'chipinda chodikirira inazimitsidwa. Mababu owala kwambiri anachotsedwa, ndipo ine ndakhala ndikugunda chitseko chimodzimodzi kwa zaka zonsezi. Ndipo m'mawa uliwonse, tiyi asanamwe, mayiwa amaimbira foni aliyense amene anabwera dzulo lake, n'kufunsa funso limodzi: "Dzulo lakusiyani bwanji?"

Ndiye pali firiji yaikulu ija. Ana inu, ngati munkadabwa kuti magetsi akazima amayi anu amaimbira ndani inu musanapeze n'komwe kandulo, anali ine. Sankafunsa za moyo wanga. Ankafunsa za firiji. Ndinakwiyapo. Anandiyankha kuti ine ndikatentha ndimamwa madzi, koma magazi a anthu amene anagona masiku chifukwa chongobwera kudzatipatsa magaziwo sangapemphedwe kawiri. Sindinakwiyenso, ndinangosamukira pafupi ndi chipatala.

Ena mufunsa kuti nanga zaka zonsezi mwapeza chiyani. Mankhwala ochiza sitinawapeze. Ndinene poyera, chifukwa ndikakometsera andidzudzula pompano, pamaso pa zidzukulu. Chimene tinaona n'choti mwa ena mwa odwala athu, asilikali a m'thupi amakhalabe ngati nkhondo ikadalipo, kachilombo katapita kale. Tinayezanso DNA ya odwala ndi ya abale awo, kuti tidziwe chifukwa chake kachilombo komweko kamangodutsa mwa wina koma n'kugwetsa mnzake wa bere limodzi. Pali malo angapo mu DNA-mo amene akutikodola, koma sanatiuze chogwirika. Tsiku lina anyamata a makompyuta anathamangira muofesi mwawo akukuwa kuti tapeza, tapeza. Mayiwa sanadzutse n'komwe mutu. Mawa lake zinapezeka kuti theka linali loona, theka linali fumbi. Theka loonalo ndi limene tikugwirira ntchito panopa, ndipo anyamatawo masiku ano amalowa mwakachetechete.

Amayi, ndasereula zokwanira. Ndinene zenizeni. Kunja kuno odwala athu amamva mawu ambiri. Ulesi. Maganizo. Kudzikonda. Ena amauzidwa ndi abale, ena ndi mabwana, ena ndi madokotala. Inu munalakwitsa kamodzi, munavomera pamaso pa makaniki, ndipo munamanga nyumba imene munthu akati ndatopa, timamupatsa mpando n'kumukhulupirira, magazi asanayezedwe. Zimenezo si zazing'ono. Tikuthokoza. Bambo ndi ana, tikuthokozanso inu, chifukwa nthawi imene tinkakhala nawo kuno tinkaidula kwa inu. Ine ndikusowani, amayi. Ndanena kamodzi, sindibwereza.

Za mphatso tinakangana kwambiri. Pomaliza tinagwirizana kuti tikupatseni njinga ija. Ndi yanu, munaitanitsa nokha. Bambo, muyandikitse galimoto kukhomo lakumbuyo. Majekete imasunga bwino.

Tsopano muyang'ane kumbuyo uko, mbali imene tatseka makatani. Pa mpando wautali uja pagona aphunzitsi aja. Kukalasi sanabwererenso, ndipo sanachire. Koma chikwama chija chinamasulidwa, ana anakulira pakhomo pa mayi awo, ndipo amene akhala pambali pawoyo ndi makaniki uja. Masiku amene akazi awo sangathe kuyankhula, foni ya m'mawa amayankha ndi iwo, ndipo amafotokoza bwino kuposa anamwino ena, sinditchula mayina.

Aphunzitsiwa apuma mlungu wathunthu kuti abwere kuno, ndipo mawa sadzuka. Ndinawaimbira kuwaletsa. Ndinati, "Aphunzitsi, taganizirani za mawa." Anandiyankha kuti, "Za mawa ndikuzidziwa kuposa inu, achimwene. Ndibwera." Amayi, foni ya mawa m'mawa muisiye, mwapuma, ndiimba ndine. Ndikudziwa kuti muimbabe. Ndikungopempha kuti mudikire ndimalize yanga.

Mupite mukapume. Mukagone magetsi atazima osafunsa za firiji. Zidzukulu zikakuuzani kuti zakhuta, muzizikhulupirira tsiku lomwelo.

Patsala kuomba m'manja. Phokoso limawapweteka aphunzitsi, ndiye ine ndinati tiombe pang'onopang'ono. Anakana. Akuti dokotala wawo saomberedwa monong'ona. Ndiye anapangana ndi amuna awo, ndipo taonani, bambo aja awatseka kale makutu ndi manja onse awiri. Manja amenewo ali pa ntchito, sangaombe. Tiombe ife, chikhalire, mwamphamvu, ndi gawo lawo lomwe.