Mayi Halo ndi Uvuni wa Kuseri kwa Nyumba

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa, achemwali anga, anabadwa pa 9 Ogasiti 1952 m'kanyumba ka zipinda ziwiri koyang'anizana ndi siteshoni ya sitima. Bambo athu anali wokonza njanji, mayi athu ankasoka zovala pakhonde. M'banja mwathu tinabadwa asanu. Malemuwa ndiwo anali achisamba, ine amene ndaima panoyu ndine mzime, ndipo atatu apakatiwo anatsogola kale. Banja landituma ine kuwerenga mbiriyi, mwina chifukwa palibenso wotsala amene anganditsutse, kupatula alamu anga, amuna a malemuwa, akhala patsogolo apowa.

Malemu anayamba sukulu mu 1959 ndipo anamaliza sekondale mu 1970. Aphunzitsi onse amene anawaphunzitsa ankadandaula chinthu chimodzi: mwanayu ndi wanzeru, koma pakamwa sipatsekeka. Bambo athu ankati pakamwa pameneapo padzawaika m'mavuto. Koma si mmene zinathera, pakuti ndi pomwepo pamene panawapezera ntchito.

Pa 1 Malichi 1971 analembedwa ntchito ku positi ofesi, m'chipinda cholumikizira matelefoni. Achinyamata muli pano simungadziwe. Masiku amenewo munthu sunkamuimbira mnzako wekha ayi. Unkanyamula foni, n'kumva mawu a mayi akuti, "Halo, ndikulumikizeni ndi ndani?" Mayi ameneyo anali iwowa. Ankakhala pampando wozungulira, zomvera m'makutu, patsogolo pawo pali thabwa la timabowo ndi zingwe zolendewera, manja ali wapawapa kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Apo ndi pamene panachokera dzina loti Mayi Halo. Makutu awo anamva zambiri, za maukwati, za matenda, za milandu, koma ngakhale anali olongolola, chinsinsi cha munthu sichinatulukepo pakamwa pawo.

Mu 1974 ofesiyo inkawonjezeredwa zipinda, ndipo pakati pa amisiri panali mnyamata wina wosayankhulayankhula, amene sankasiyana ndi levulo yake, chida choonera ngati khoma lawongoka. Anzake ankangomutchula kuti aLevulo. Mmisiriyo anamanga zenera la chipinda cha matelefoni, analiphwasula, analimanganso, analiphwasulanso, mpaka malemu anasuzumira n'kumufunsa kuti, "Kodi chavuta ndi zenerali kapena muli ndi mawu?" Ukwati wawo unadalitsidwa pa 20 Disembala 1975. Mulungu anawapatsa ana atatu: wamkazi woyamba amene ndi mphunzitsi, wamwamuna amene amayendetsa ambulansi, ndi wamkazi wotsiriza amene ndi telala ngati agogo ake. Mu 1983 banjali linalowa m'nyumba ino, imene alamu anga anaimanga ndi manja awo. Malemu ankakonda kunena kuti, "M'nyumba muno tinagawana ntchito bwinobwino. Bambo amamanga, ine ndimayankhula."

Mu 1996 makina atalowa m'malo mwa anthu olumikiza mafoni, malemu anasamutsidwira kukauntala komwe ankalandira makalata ndi mapaselo. Anapuma pantchito pa 31 Disembala 2005, atatumikira zaka makumi atatu ndi zinayi.

Anangopuma miyezi inayi yokha. Pa 12 Meyi 2006 alamu anga anagwa kuntchito, atadwala matenda opha ziwalo. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka, lilime nalo linalemera. Atagona m'chipatala milungu isanu anabwerera kunyumba, ndipo dokotala ananena kuti mawu adzabwerera ngati angamayesetse kuyankhula tsiku ndi tsiku. Koma iwo atamva mmene mawu awo ankatulukira, anachita manyazi ndipo analeka kuyankhula n'komwe. Ankangokhala pampando pakhonde lakuseri, maso ali pansi, chakudya n'kumangochilawa. Inatha miyezi inayi osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Dokotala anaitanira malemu pambali n'kuwauza mosapsatira kuti thupi likuchira, koma mwini thupilo wataya mtima, ndipo zikapitirira chonchi sadzakhalitsa. Malemu anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anaitana abusa, anaitana amisiri anzawo. Zonsezo sizinaphule kanthu.

Mu Okutobala chaka chomwecho ndinabwera kudzawazonda, ndipo ndinapeza achemwali anga atavala chipewa cha amuna awo, akututa ndi wilibala njerwa zimene zinatsala pomanga mpanda. Anandiuza kuti akumanga uvuni wa nkhuni wophikira buledi. Apa n'kuti munthuyo sanagwirepo njerwa chibadwire, ndipo buledi ankangomudziwira kugolosale. Ndinawauza kuti mavuto awazunguza mutu. Anandinong'oneza kuti, "Iwe khala chete. Ndikuimba foni. Ikulira, kungoti mwini wake sanayankhe."

Malo omangapo anasankha patsogolo penipeni pa mpando wa alamu anga. Anatenga levulo ija, imene ngakhale ana sankaloledwa kuikhudza, n'kumaigwira chozondotsa. Chingwe chowongolera khoma sanakoke. Njerwa ankazisanjika imodzi pamwamba pa inzake ngati akuunjika sopo. Tsiku loyamba alamu anga anayang'ana kumbali. Tsiku lachiwiri anayamba kugogoda ndodo pansi. Tsiku lachitatu, khoma litafika m'mawondo lili khotikhoti ngati njira ya woledzera, kunamveka mawu kuchokera pampando paja: "Phwasula!"

Malemu anaima, msana uli kwa amuna awo, misozi ili chuchuchu, koma sanatembenuke. Anangoti, "Mwati bwanji, bambo? Sindikumva bwino."

"Phwasula. Lapendama."

Khomalo malemu analigwetsa akuimba nyimbo. Patapita zaka malemu anaulula kuti kukhotetsa kwa tsiku loyamba kunali kwadala, koma masiku awiri enawo ankayesetsa ndi mtima wonse kuti liwongoke.

Kumangako kunatenga miyezi inayi, chifukwa langizo lililonse linkafunika kuti alamu anga alitchule ndi pakamwa. Akaloza ndi ndodo, malemu ankanamizira kusaona. Anamanga maziko mpaka kufika m'chiuno. Pamwamba pake anagoneka mabotolo opanda kanthu, n'kuwakwirira ndi dothi losakaniza ndi utuchi kuti kutentha kusamathawire pansi. Kenako anayala mchenga, n'kusanja njerwa zootcha mothithikana popanda matope, kuti pakhale pophikira. Atatero anaunjika mulu wa mchenga wonyowa, nauumba mozungulira ngati chigoba cha kamba, n'kuukuta ndi manyuzipepala onyowa. Dothi lomatira pamwamba pa muluwo analiponda ndi mapazi palona, ndipo tsiku lina tinangoona alamu anga avula nsapato, atsamira phewa la akazi awo, akuponda nawo ndi mwendo wofooka uja. Dothi litagwira, anaboola khomo n'kuyamba kufukula mchenga wam'kati ndi manja mpaka zala zinakhudza manyuzipepala aja.

Mmisiri analamula kuti kwa masiku asanu ndi awiri azikoleza kamoto kakang'ono kuti uvuniwo uume pang'onopang'ono. Amene munawadziwa malemu mukudziwa kuti kudikira sikunali mphatso yawo. Tsiku lachitatu, amuna awo atapita kuchipatala kukalimbitsa ziwalo, iwo anasonkhezera zikuni zikuluzikulu. Uvuni unang'aluka kuchokera pakhomo mpaka pamwamba. Alamu anga atabwera anayang'ana mng'aluwo, anayang'ana akazi awo amene anaima poteropo ali chete kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Ndiye anatchula mwambi wonse osapunthwa: "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mng'aluwo anaumata, koma chipsera chinatsala, ndipo malemu sanafune kuti chiziwaneneza tsiku lililonse. Anatenga zidutswa za mbale imene inasweka, n'kuzimata ndi simenti motsatira chipseracho. Zitawakomera m'maso, anapitiriza. Anaikapo zotsala za mbale za paukwati wawo, chogwirira cha kapu imene analandira popuma pantchito, timagalasi, ndi matailosi obiriwira otsala kubafa. Alamu anga ndiwo ankasanja zidutswazo ndi dzanja lamanzere, kusankha kuti ichi chigone apa, icho chitembenuke. Anansi atamva, anayamba kubweretsa mbale zawo zosweka, moti anthu ankaseka kuti mumsewu uno mokha ndi mmene munthu ukaswa mbale amakuthokoza. Mukatuluka kuseriko muuona uvuniwo. Aliyense wa mumsewu uno akhoza kukulozerani chidutswa cha kunyumba kwake.

Buledi woyamba anatuluka pa 17 Febuluwale 2007, kunja atapserera, m'kati muli phala. Alamu anga anam'gogoda ndi chala n'kunena kuti akanadziwa akanamangira ameneyu maziko. Koma malemu sanali munthu wogonja. Isanathe miyezi itatu anali ataudziwa mtima wa uvuni wawo. Loweruka lililonse moto unkayaka m'mawa kwa maola awiri, mpaka mwaye wam'kati utayera. Akatero ankakokolola makala ndi fosholo, n'kupukuta pansi ndi nsanza yonyowa yomangirira kumtengo. Ndiye ankawaza kaufa panjerwa. Kakada msanga, ankadikira. Kakafiira pang'onopang'ono, ankati nthawi yakwana. Koyamba kunkalowa nkhuku ndi nsomba, moto ukadali waukali. Kenako buledi, pathabwa lalitali limene mwana wawo wamwamuna anawasemera. Kutentha kukatsika kunkalowa makeke ndi mbatata, pambuyo pake mphika wa nyemba, ndipo pomalizira penipeni ankalowetsamo nkhuni zaziwisi kuti ziume podikira Loweruka lotsatira. Ankati moto umodzi uyenera kugwira ntchito zisanu, wochepera apo ndi mlesi.

Khomo la kuseri linali lotsegukira aliyense. Amayi ankabwera ndi ufa wawo wokandakanda m'mabeseni, abambo ndi nyama zawo, ndipo lamulo linali limodzi: bwera ndi kamtolo ka nkhuni, ukhale pansi ucheze ndi aLevulo podikira kuti zipse. Umo ndi mmene munthu amene anatsala pang'ono kutisiya anakhalira woyang'anira moto, wolamula, ngakhalenso wokamba nthabwala. M'zaka zotsatira awiriwa anathandiza mabanja asanu ndi limodzi kumanga mauvuni awo, bambo akulangiza, mayi akuonetsa ndi manja.

Sindinena kuti malemu analibe polakwika, chifukwa mungandiseke. Anali aliuma, ndipo munthu wotsegula chitseko cha uvuni asanauzidwe ankamva mawu oti sangawaiwale. Ngakhale abusa athu ali apawa analawako. Koma wokalipiridwayo ndi yemwe ankapita kwawo ndi buledi wamkulu kuposa onse.

Mu 2022 malemu anayamba kudandaula phuma ndi kutupa miyendo, ndipo kuchipatala anawapeza ndi matenda a mtima. Dokotala anawaletsa utsi ndi kunyamula zolemera. Anamvera mokakamizika. Anaphunzitsa mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, kukanda ndi kuumba, iwo n'kumalangiza ali pazenera la kukhitchini. Zaka ziwiri zimenezi sanazikhale modandaula. Ankati anaona ana awo akukula, anaona zidzukulu, ndipo amuna awo amene anauzidwa kuti sakhalitsa akudya ndi kukangana nawo tsiku lililonse, ndiye angapemphenso chiyani.

Pa 27 Meyi 2024 matenda anakula ndipo anagonekedwa m'chipatala. Madokotala atanena kuti achita zonse zimene akanatha, malemu anapempha kuti abwerere kwawo. Anatuluka Loweruka pa 1 Juni m'mawa, ndipo anapeza moto wayaka, anansi adzaza kuseri. Tinawakhazika pamthunzi, atafunda bulangete. Mpongozi wawo anawabweretsera kachidutswa ka buledi wotentha. Malemu anatafuna nthawi yaitali. Kenako anati, "Mchere wachepa pang'ono. Koma mwana wanga, wandiposa." Tsiku limenelo anacheza ndi aliyense, mmodzimmodzi, mpaka dzuwa litapendeka.

Lolemba pa 3 Juni 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, malemu anatisiya mwamtendere m'chipinda chawo, amuna awo atawagwira dzanja. Amwalira ali ndi zaka 71, atakhala m'banja zaka 48.

Asiya amuna awo, ana atatu, apongozi atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, chidzukulutudzi chimodzi, ndi ine mlongo wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a mpingo, anzawo akale a ku positi ofesi amene abwera ndi ndodo zawo, amisiri amene akonza manda, ndi inu anansi amene simunatisiye tokha kuyambira Lolemba. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Pomaliza, ambiri mwakhala mukundifunsa chamseri ngati za kuseri kuja zathera pomwepa. Choncho m'mawa uno ndinakafunsa mwini wake. Alamu anga anati ndikuuzeni mawu awa monga mmene awanenera: "Loweruka likubwerali tipume, tilire. Linalo moto uyaka. Aliyense abwere ndi nkhuni zake."

Achemwali, ntchito mwagwira, ndipo mwatisiya tili okhuta. Pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.